Dzanja M'nsapato ya Malume

Nkhuku inali nzeru ya Ba Jere, osati yanga, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike poyamba pomwe. Iwo ndi amene ananena kuti nkhoswe yopita kukafunsira mbeta chimanjamanja ndi yopanda mwambo, kaya ndi ku Chipata kaya ndi ku Dubai. Yamoyo sitinaipeze. Tinagula ya m'filiji, yolimba ngati njerwa, n'kuikulunga m'manyuzipepala, n'kuikhazika pampando wakumbuyo pafupi ndi jekete langa la suti ndi kathumba ka ufa woyera kamene munthu wina anandibweretsera kuchokera kumudzi.

Ine ndine Fatsani. Ndimagwira ntchito yaulonda pa molo ina, chinyumba cha masitolo ambiri, ku Mirdif, ntchito yoima pakhomo tsiku lonse n'kumalozera anthu kumene kuli zimbudzi. Ndimagona m'nyumba za kampani cha ku Al Twar, anthu asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Ba Jere ndi a ku Zambia, amayendetsa lole yoperekera mipando, ndipo amandiposa zaka khumi komanso mimba. Anavomera kundiimira ngati nkhoswe chifukwa amalume anga enieni ali kutali, ndiponso chifukwa Ba Jere sakana mpata uliwonse wolankhula pagulu.

Mbetayo ndi Esnart, wa ku Dedza, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa. Titaimbira mayi ake foni kuwauza maganizo athu, anatiyankha mwachidule kuti iwo alibe mawu, mwini mbumba ndi achimwene awo a Mbewe, ndipo mwayi wake ali konko. Konko kwake kunali ku Liwa, kumapeto kwa dziko kumene mchenga umayambira zenizeni. A Mbewe akhala kumeneko zaka zambiri, akuyang'anira mapampu ndi mapayipi a madzi pamunda wa kanjedza, mitengo ija imabala tende.

Esnart sakanatha kupita nafe, abwana ake anali ndi alendo. Koma dzulo lake anandiimbira ndi mawu amene anandisowetsa mtendere.

"Akakufunsani kwanu, mukanene kuti Ndirande," anatero. "Munaphunzira kumeneko, ndiye si bodza lenileni."

"Nanga ndikanena zoona?"

"A Fatsani, malume anathetsa chibwenzi cha msuweni wanga chifukwa chongomva kuti kwa mnyamatayo kunali munthu wa khunyu. Munthu mmodzi, womwalira kalekale. Ndiye inu mukawatchulire khate? Ine ndilibe nazo kanthu, mukudziwa. Koma akakana iwo, mayi akananso, ndipo ine sindingakwatiwe mayi akulira."

Zoona zake n'zakuti kwathu ndi kumudzi wina kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu, umene anthu amangoutchula kuti Kumpanda. Mudziwo unamera kunja kwa mpanda wa mishoni yakale yosungirako anthu akhate, ndipo agogo anga onse awiri, obereka mayi anga, anali a m'kati mwa mpandawo. Ine khate ndilibe, mayi anga analibe, ndipo si nthenda yochita kusiyirana m'magazi. Koma dzina la mudzi lokha limakwana kuti munthu abweze dzanja limene anali atatambasula. N'chifukwa chake kwa anzanga onse a ku Dubai, ngakhale kwa Ba Jere, ndinali mwana wa mu Ndirande.

Chinthu chimodzi chokha cha kwathu ndinalephera kuchisiya pa eyapoti. Sindivala nsapato ndisanalowetsemo dzanja. Ndimapapasa mpaka kutsogolo kokhala zala, n'kuigogoda pansi, n'kupapasanso. Ndikaona nsapato za munthu wina pakhomo, dzanja limandiyabwa. Anzanga a m'chipinda anazolowera, amati ndimasaka chuma.

M'mawa wa Lamlungu umenewo, mwezi wa Malichi, Ba Jere anandipeza ndikupapasa nsapato zatsopano zimene ndinagulira ulendowu.

"Iwe mufana, nsapato yachoka mu bokosi manje manje, uganiza muli chinkhanira? Yala, tiye."

Galimoto inali yobwereka kwa mnzawo, kagalimoto kakale koyera kamene chitseko chake chakumanja chinkatsegulidwira kunja kokha. Ba Jere anakasisita pamwamba n'kunena kuti kameneka kakhoza kufika ku Cairo osapuma. Tinatuluka mu Al Twar dzuwa lisanatuluke bwino, tikuimba nyimbo za kwaya, iwo besi ine tena, ndipo mpaka ku Jebel Ali ndinkaona ngati ukwati ndapeza kale.

Titangodutsa Jebel Ali, chifunga chinatseka msewu. Amene sanaone chifunga cha kuno amaganiza kuti m'chipululu mumangokhala dzuwa. Chimabwera kuchokera kunyanja, choyera mbuu, moti galimoto yakutsogolo umangoiona timagetsi take tofiira, kenako osaionanso. Ba Jere anasiya besi, anakakamira chiwongolero, mphuno pafupi ndi galasi. Tinakwawa choncho mpaka cha ku Ghantoot, kumene tinapatukira pamalo omwetsera mafuta n'kupeza kuti theka la dziko linaganiza chimodzimodzi. Malole, mabasi a antchito, magalimoto a mabanja, onse anali atathinana pamenepo kudikira kuti kuyere.

Tinagula tiyi wamkaka wotchedwa karaki ndi maparata, timikate topyapyala tokazinga, kwa Mmwenye wina amene ankathira makapu asanu nthawi imodzi osataya dontho. Tinakhala pa ola ndi theka. Ba Jere anati nthawi isapite pachabe, tiyeserere milandu. Anakhala pabonati, natupitsa masaya kuti akhale a Mbewe.

"Mnyamata, ugwira nchito bwanji?"

"Yaulonda, bambo."

"Awe. Ukambe ati uli mu dipatimenti ya chitetezo. Umwa moba?"

"Ayi, bambo."

"Wayankha mwamsanga maningi, azaziba ni boza. Uyambe wadabwa, monga sunamvepo kuti kuli chinthu chamene icho. Kwanu ni kuti?"

"Ku Ndirande, bambo."

"Apo wakhoza. Iyo yeka ndiye wayankha monga munthu wokamba zoona."

Ndinaseka nawo, tiyi wotsala n'kumuthira pansi.

Chifunga chitachoka tinathamanga bwino mpaka ku Musaffah, kumene tinasochera. Mayi wa m'foni uja amalozera njira anati tikhotere kumanja, Ba Jere anati mayiyo sanafikepo kuno, iwo anaperekako mipando kuno kawiri. Tinazungulira pakati pa magalaja ndi mafakitale, n'kudutsa katatu pashopu imodzimodzi yogulitsa matayala, mpaka mwini wake anayamba kutibayibitsa. Ndinawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Anandiyankha kuti nkhoswe salangizidwa ndi mkwati. Kachinayi anaima n'kufunsa wa matayalayo, amene anatilozera njira yomwe ija mayi wa m'foni ankanena.

Kuchokera pamenepo msewu ndi wowongoka moti munthu ukhoza kugona n'kudzuka uli m'njira yako yomwe. Kumanja mchere ndi nyanja yosaoneka bwino, kumanzere mchenga ndi mapolo a magetsi. Pa Tarif tinakhotera kummwera, kulunjika ku Madinat Zayed. Nthawi imene tinapangana ndi a Mbewe inali itakwana kale, popeza tinawalonjeza kufika chakudya chamasana chisanakwane, ndipo dzuwa linali lili pamutu.

Choyamba kufa chinali mphepo yozizira ya m'galimoto. Ba Jere anati imatero, ikupuma. Kenako kamuvi ka kutentha kanayamba kukwera, iwo n'kukagogoda ndi chala ngati kalakwitsa. Kenako utsi woyera unatuluka kutsogolo, ndipo kagalimoto ka ku Cairo kanaima m'mbali mwa msewu, pamalo popanda mtengo, popanda nyumba, popanda ngakhale chikwangwani choti munthu ubisepo mutu. Kuseri kwa waya kunali ngamila zitatu zimene zinatiyang'ana pang'ono n'kupitiriza kutafuna.

Payipi ya madzi a mu injini inali itang'ambika, mng'alu wautali ngati chala. Ba Jere anaimbira anthu okoka magalimoto. Wa kumeneko anati afika pakatha maola awiri, inshallah, kutanthauza kuti Mulungu akalola. Amene wakhala kuno amadziwa kuti inshallah ya munthu wokoka magalimoto ilibe wotchi.

Tinakhala pansi kumbali ya galimoto, kumene kunali kamthunzi kokwana miyendo yokha. Patapita nthawi ndinamva kafungo. Nditatsegula chitseko chakumbuyo ndinapeza kuti njerwa ija yasanduka nkhuku ndithu, yofewa, yotuluka thukuta, ndipo madzi ake ofiirira anali atayenderera pampando mpaka kulowa m'jekete langa la suti. Ndinaliimika m'mwamba, likudontha. Ndinafuna kulira, koma nkhope ya Ba Jere inandilaka.

"Osadandaula," anatero. "Mukazi akonda munthu, sakonda jekete."

"Akukandiona ndi malume, Ba Jere, osati mkazi."

Nkhukuyo sitikanaipereka kwa munthu amene tikufuna kuti akhale ndi moyo. Ba Jere anakumba kadzenje mumchenga ndi chivundikiro cha gudumu, naiika m'menemo, navula chipewa, nanena mawu ochepa okhudza mlendo amene wafa kawiri kutali ndi kwawo. Ndinaseka mpaka m'mimba munandipweteka, ndipo ndi kusekako kumene kunandimasula.

M'mbali mwa misewu ya kuno simusowa zidutswa za matayala a malole. Ndikuyendayenda kuti nsapato zatsopano zileke kundiluma, ndinapeza chubu chakale chong'ambika. Ndinapempha kampeni ka Ba Jere, ndinakhala pansi, chubu ndinachipana ndi mawondo, n'kuyamba kulenga mphira, chingwe chimodzi chachitali chosaduka, chofanana m'lifupi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Injini itazizirako ndinakulunga payipi ija, ndikukoka mphira mpaka kuyera, mzere uliwonse kukwera theka la unzake, n'kumangira ndi waya wa pahang'ala ya jekete lija. Jekete linagwirako ntchito yake pomaliza.

Ba Jere ankangondiyang'ana. "Iyi si nchito ya mu dipatimenti ya chitetezo. Unaphunzira kuti kudula labala so?"

Ndikanatha kunena kuti mu Ndirande, kumene anthu amapanga chilichonse kuchokera ku chilichonse. Koma madzi othira mu injini tinalibe, a m'botolo anali akumwa okha, ndipo panalibe kothawira. Ndinawauza.

Ndinawauza za agogo anga a Simoni, amene ali mnyamata woweta mbuzi anatuluka chikanga chotuwa pamsana, chosamva kutsina. Kwawo anawamangira kakhumbi kunja kwa mudzi, chakudya n'kumawasiyira pamwala. Atatopa nazo anayenda pansi masiku anayi kupita kumene anamva kuti azungu a mishoni akulandira anthu otere. Inali nthawi ya atsamunda. Anapeza mpanda wa khonje ndi minga, m'kati mwake mizere ya tinyumba, minda, tchalitchi ndi kachipatala, ndiponso anthu ochokera kutali, ena mpaka ku dziko la Apwitikizi, onse olankhula zinenero zosiyana koma nthenda imodzi.

Mankhwala a masiku amenewo anali jekeseni wa mafuta a mtengo wina wa ku India. Agogo ankati mafutawo ankalowa m'thupi ngati phala lamoto, moti amuna oti anaphapo nyalugwe ankalira poyera, masisitere akuwagwira mapewa. Mapiritsi oyera anabwera pambuyo pake, ndipo ndi amene anawachiritsa, koma zala zinayi za kumanja zinali zitapita kale. Kalata yochokera m'kati mwa mpanda ankayamba aisita ndi simbi yamoto isanatuluke. Mwana akabadwa ankamutenga tsiku lomwelo kupita naye kunyumba ya ana, kunja kwa mpanda. Mayi anga anakulira kumeneko. Lamlungu lililonse sisitere ankawanyamula n'kuwaonetsa kwa makolo awo pamwamba pa khonje, ndipo agogo aakazi ankaimba nyimbo yotonthoza mwana ali patali mikono isanu. Agogo a Simoni sankawanena zoipa masisiterewo, ankati anatisambitsa zilonda pamene abale athu ankatiponyera chakudya. Koma nkhani ya pakhonjeyo sankaimaliza, ankangodzuka n'kupita kukaona mbuzi.

"Nanga labala?" anafunsa Ba Jere, mawu atatsika.

Ndinawafotokozera kuti khate limapha kumva. Munthu akhoza kuyenda tsiku lonse munga uli m'phazi osadziwa, ndipo chimene chimadula miyendo si nthendayo ayi, ndi chilonda chosaonedwa. Choncho bulaza wina wa pamishonipo anaphunzitsa agogo kusoka nsapato za matayala, zofewa m'kati, zopanda msomali ngakhale umodzi. Ankasoka ndi chala chachikulu chokha ndi mano. Ndipo madzulo aliwonse kunkalira belu limene ankalitcha belu la mapazi. Likalira, anthu ankakhala awiriawiri pakhonde, aliyense kutenga phazi la mnzake, kuliviika m'madzi, kuliyang'ana pansi ndi pakati pa zala, n'kulidzoza mafuta. M'mawa, munthu asanavale nsapato, wina wa manja akumva ankayamba walowetsamo dzanja.

Ochira ankapatsidwa chikalata choti abwerere kwawo. Ambiri anapita, n'kubwerako chikalata chili m'thumba, chifukwa kwawoko chikalata sichinkawerengedwa. Anamanga kunja kwa mpanda, ndiwo mudzi wathu. Mishoni inatseka malowo kalekale mankhwala atafika m'zipatala zonse, tinyumba tija tina ndi sukulu, kena ndi chigayo. Belu linasiya kulira ine ndisanabadwe, koma m'nyumba mwathu silinasiye. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu, nsapato za agogo m'mawa ndi mapazi awo madzulo inali ntchito yanga.

Nditamaliza ndinachita manyazi, osati chifukwa cha agogo, koma chifukwa cha zaka zonse zimene ndinawabisa ngati katundu wakuba. Botolo la madzi linali m'manja mwanga, nditangomwako. Ba Jere analitenga, osapukuta pakamwa pake, namwa.

"Manje nimvere," anatero. "Ine nilibe vuto. Koma ba mudala aba sitibaziba. Kuja ukhale chabe zii, nizakamba ndine. Ndirande ni Ndirande. Ukakwatira, ukabala bana babili, ndiye uzabauza."

Amene anatipulumutsa sanali wokoka magalimoto, amene mpaka lero sanafike. Inali lole ya madzi yopita kuminda, yoyendetsa Mpakisitani wa ndevu zofiira. Anaima yekha osamuimitsa, anayang'ana mphira yanga, anaikoka ndi chala, nagwedeza mutu movomereza. Anatidzazira injini ndi mabotolo onse, natipatsanso tende wodzaza dzanja. Titafuna kumuthokoza ndi kangachepe anakweza manja n'kunena kuti khalas, khalas, ndiye kuti basi zatha, nakwera lole yake.

Tinayenda pang'onopang'ono, mawindo otsegula, kumaima pakapita kanthawi kuti tione ngati mphira ikugwira. Inagwira. Pa Madinat Zayed tinapeza payipi yatsopano, koma makaniko anati abwana ake apita kukapemphera ndipo makiyi a sitolo ali nawo, ndiye tinadikiranso. Ndinasamba kumaso pampopi wa pagalaja, ndinakonza kolala ya shati, ndipo tinalowa mu Liwa dzuwa litapendeka, milu ya mchenga itafiira mbali zonse.

A Mbewe tinawapeza ataima pageti la munda, manja kumbuyo. Ndi munthu wamtali, wa imvi, wa nkhope yosaseka msanga. Anayang'ana wotchi, kenako ife, kenako kagalimoto.

"Ndinamva kuti mufika masana. Kapena kwanuko masana amayamba nthawi ino?"

Ba Jere anayamba kufotokoza za chifunga, koma a Mbewe anali atatembenuka kale. Tinawatsata pakati pa mitengo ya kanjedza mpaka kukanyumba kawo ka zipinda ziwiri. Pakhomo anavula majombo awo akuntchito n'kulowa ndi masokosi akuda. Ba Jere anavula zawo n'kulowa, kathumba ka ufa kali m'manja ngati mwana wakhanda. Ine ndinatsalira kuti ndimasule zingwe za nsapato zanga zoluma zija.

Sindinaganize chilichonse, ndipo ndikanaganiza sindikanachita. Ndinali nditawerama, majombo a munthu wachikulire ali pafupi ndi bondo langa, ndipo dzanja linangopita lokha monga linkapitira m'mawa uliwonse kwathu. Jombo lakumanzere linali bwino. M'lakumanja chala changa chinakumana ndi chinthu chakuthwa, cholimba, chotulukira pansi cha kutsogolo. Unali munga wa kanjedza, umene unaboola jombo kuchokera kunsi. Nditatulutsa dzanja, zala zinali zonyowa ndi magazi osakhala anga.

M'katimo Ba Jere anali atayamba kale. "Ise, ba malume, tabwela monga bana banu, taona kamsoti pa nyumba panu pano..."

"Taimani kaye," anatero a Mbewe. Ankayang'ana kudutsa paphewa la Ba Jere, kuyang'ana ine. "Achimwene, mukufunamo chiyani m'nsapato zanga?"

Ba Jere anatembenuka, ndipo nkhope yawo inandiuza kuti ukwati wathera pakhomo. Mlendo wodzafunsira mbeta, asanapatsidwe ndi moni womwe, wagwidwa dzanja lili m'jombo la mwini mbumba. Ndikanapepesa n'kunena kuti ndimafuna kuwasendezera pambali. Koma ndinali nditaona kale pamkeka, pamene anaponda, kadontho kofiira.

"Pepani bambo," ndinatero. "Ndikupempha ndione phazi lanu lakumanja."

"Phazi langa lili bwino."

"Mwina lili bwino. Koma ndilione."

Ndinawaonetsa zala zanga, kenako jombo ndi munga wake. Anakhala pampando pang'onopang'ono, navula sokosi. Pansi pa phazi, kuseri kwa chala chachikulu, panali bala lozungulira, lakuya, m'mbali mwake motupa. Silinali la tsiku limenelo lokha. A Mbewe analiyang'ana ngati phazi la munthu wina.

"Sindinamve kanthu," anatero. "Ndi shugayu. Mapaziwa masiku ano amangokhala ngati ndavala masokosi awiri."

Zimene zinatsatira sindinazipemphere chilolezo. Ndinatuma nkhoswe yanga kukawiritsa madzi ndi kufunafuna mchere ndi beseni, ndipo inapita mothamanga. Ndinagwada pamkeka, ndinaika phazi la a Mbewe pabondo langa, pa thalauza la suti lomwe linatsala, ndinalitsuka, ndinayang'ana pakati pa zala chimodzichimodzi, ndinakanda chidendene ndi chikhadabo n'kuwafunsa ngati akumva. Sankamva. Ndinawauza kuti bala ili si lomangira kunyumba, mawa m'mawa apite kuchipatala, ndipo asapondere phazi limeneli mpaka adokotala alione. Ndinawauzanso kuti kuyambira lero asavale nsapato asanalowetsemo dzanja, ndipo madzulo aliwonse wina aziwayang'ana mapazi, akasowa munthu agwiritse ntchito kagalasi. Ndinalankhula ngati ndine mwini nyumba, ndipo mawu amene ankatuluka anali a agogo.

A Mbewe anandilola kumaliza. Kenako anafunsa funso lija tinaliyeserera ku Ghantoot.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ni wa ku Ndirande uyu, ba malume," anatero Ba Jere mofulumira, ketulo ili m'manja. "Ndirande yeniyeni."

Phazi linali likadali pabondo langa, lolemera, lofunda. Ndinaganiza za Esnart, ndipo mantha anandigwira. Koma sindikanatha kugwira phazi mmene anandiphunzitsira munthu uja n'kumukana nthawi yomweyo.

"Ku Ndirande ndinangophunzirako, bambo. Kwathu ndi ku Ntcheu, Kumpanda. Agogo anga anali a m'kati. Zimenezi anandiphunzitsa ndi iwowo."

Ba Jere anaika ketulo pansi mwakachetechete. A Mbewe sanachotse phazi, koma sanandiyang'anenso. Ankayang'ana pakhomo, pamene panali majombo awo.

"Ndikukudziwa Kumpanda," anatero. "Tili ana tinkadutsa kumeneko popita kwa azakhali. Mayi ankatiuza kuti tikafika pakhonje paja tizigwira mpweya n'kuthamanga, tisapume mpaka titawoloka kamtsinje."

"Anthu ambiri ankatero, bambo. Tinkawaona."

Kenako anandiuza za mnzawo wina wa ku Sudan, amene ankagwira naye ntchito pamunda womwewo, wa shuga ngati iwo. Chaka chatha anaponda kachitsulo osadziwa, ndipo anabwerera kwawo ndi mwendo umodzi.

"Agogo anuwo," anatero, "anamwalira ndi mapazi awo?"

"Onse awiri, bambo. Anafika zaka zoposa makumi asanu ndi atatu akuyenda okha kupita kutchalitchi."

"Chifukwa cha dzanja m'nsapato."

"Ndi beseni madzulo."

A Mbewe anapumira m'mwamba. Anayang'ana Ba Jere, amene anali ataima pakona ngati mwana wogwidwa akuba shuga, n'kuwafunsa ngati nkhoswe za ku Zambia zonse zimanama chotere kapena ndi iwo okha. Ba Jere anati ndi iwo okha, ndipo ngakhale nkhuku anabwera nayo, kungoti inatsalira m'njira pa zifukwa za umoyo. Pakamwa pa a Mbewe panagwedezeka pang'ono, koma anadziletsa.

Anachotsa phazi lakumanja pabondo langa n'kuliika bwinobwino pa thawulo. Ndinaganiza kuti basi, atithokoza mwaulemu n'kutiperekeza kugeti, ndipo ndinayamba kale kusaka mawu okamuuza Esnart. Koma iwo anawerama, anavula sokosi inayo, natukula phazi lakumanzere n'kulikhazika pamene panali linzake.

"Nanga linali mukusiyira yani, akamwini?"

Ndinakoka beseni, ndipo Ba Jere anathira madzi.